Makapu a Apongozi ndi Munthu wa Miyendo ya Mbuzi

Chinandikweza basi ya kumudzi ndi Mphatso. Tinadziwana kutchalitchi kwathu ku Berea, chija chimasonkhana mu holo ya pamwamba pa shopu ya matayala. Titagwirizana zokwatirana, iye anatsogola kwawo ku Ntcheu kukauza mayi ake. Koma mwini mbumba, malume ake a Kamtedza, ali ku Joni konkuno, amakhala ku Orange Farm ndipo amagwira ntchito ya ulonda. Nditapita kukaonekera, anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Mbiri yako ndinaimva, mnyamata. Akuti suchedwa kuponya chibakera. Ine ndikupita kumudzi mwezi wamawa. Tikwere basi imodzi. Tikakafika ndidzakuuza ngati malume ako abwere kudzandiona kapena asavutike."

Mbiriyo sindingaikane, mtima wanga ndi wapachala. Ndiye ndinalumbira kuti ulendo wonsewo ndikhala ngati mwanawankhosa, ngakhale munthu andiponde chala.

Ndiyambe ndafotokoza za mapepala, chifukwa ndi amene anandionetsa zakuda. Ine ndimagwira ntchito m'tauni kwa mzungu wina wokalamba wosula mphete ndi ndolo. Timangomutcha Madala. Ndimasesa, ndimapukuta siliva kuti awale, ndipo masiku ano wayamba kundigwiritsa kamacheka kodulira zitsulo. Madala ali ndi mapepala akuluakulu a zithunzi zakuda ndi zoyera. Akuti kalekale ku Ulaya amisiri ankazokota mapulani a ndolo ndi zovala m'khosi pa mkuwa, n'kumadinda papepala kuti osula golide a m'mizinda ina azionera. Ake a Madala ndi makope chabe, anamusindikizira mwana wake pa kompyuta. Koma abale, zimene zili pamenepo! Munthu wa nyanga ndi miyendo ya mbuzi akuimba chitoliro. Mkazi wosavala kumtunda, kumunsi mchira wa nsomba. Chinjoka cha mapiko. Tiana tonenepa titakwera pamsana pa zilombo.

Tsiku loyamba kuona ndinafunsa, "Bwana, uyu si Satana uyu?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ayi, wa mbuziyo ndi mulungu wa m'nkhalango wa anthu akale, asanayambe kupemphera. Akuti anthu a tchalitchi atafuna kujambula Satana anangobwereka nyanga ndi ziboda zake. Ndinati ndiye kuti ndi Satana basi. Anati ayi. Ndinaloza wina amene anali pansi pa phazi la mngelo. Anati ameneyo ndiye Satana. Ndinawayang'anitsitsa onse awiri: nyanga zomwezo, ziboda zomwezo, ngati mapasa. Ndinafunsa kuti ankavala zimenezi ndani, afiti? Anati mafumu ndi akazi awo, popita kutchalitchi. Pamenepo ndinangotenga tsache langa n'kumasesa.

Sabata ya ulendo, Madala anataya mulu wa makope amene anasindikizidwa kawiri. Ine ndinali nditagulira apongozi makapu a dothi a maluwa, timbale take ndi tipoti yake. Zinthu zosweka zimafuna kukulunga, nanga nyuzi masiku ano amagula ndani ku Hillbrow? Ndinatola mapepala aja, okhuthala bwino, n'kukulungira kapu iliyonse, mbali yoyera kunja, zithunzi m'kati. Sindinaganize kawiri. Mphatso yekha ndinamusulira ndekha kanthu kasiliva kolendewera pa tcheni, kuchokera pa tizidutswa timene Madala anandilola kutenga. Ndinaonera papepala limodzi mwa amenewa, koma ndinasankha mwanzeru: pakona pamene panali masamba okhaokha opotana, popanda mbuzi kapena nsomba. Kameneko kanali m'thumba la jekete langa.

Anatiuza kuti tifike pa siteshoni m'mamawa, koma basi inanyamuka dzuwa lili pamutu. Katundu wake! Mafiriji, matilesi, njinga, wina mpaka chitseko chachitsulo. Kondakitala anali mnyamata wa dzino limodzi lagolide, ndipo anagogoda bokosi langa ndi nsapato.

"Muli chiyani muno, mfowethu?" anafunsa, kunditcha m'bale wake m'Chizulu.

"Makapu."

"Makapu amalipira ngati munthu, chifukwa amafuna ulemu."

Ndinatsala pang'ono kumulalatira. Koma a Kamtedza anaima pambali panga atapinda manja kumbuyo. Ndinalipira mwakachetechete, mpaka ndinathokoza.

Iwo anakhala kuwindo, ine kunjira. Kumbuyo kwathu kunali Mayi Nambewe, amene amapikula mabulangete ku Joni n'kukagulitsa ku Limbe. Basi isanatuluke pageti anaimirira n'kupemphera pemphero lalitali, kumanga mizimu ya ngozi, ya achifwamba, ya tulo ta dalaivala, mpaka tinafika pa msewu waukulu wa ku Pretoria asananene amen. Tsidya lina la kanjira kunali Che Jafali, telala wa ku Mangochi, munthu woseka ndi aliyense, amene anayamba kugawa zitumbuwa tisanadziwane n'komwe maina.

A Kamtedza sanali kulankhula. Pa Polokwane titaima ndinayesa.

"Bambo, ndikugulireni nkhuku ndi tchipisi?"

"Ndili ndi mazira."

Anatulutsa dzira lophika, kulisenda pang'onopang'ono, makoko kuika m'thumba. Mpaka ku Musina mawu awo anali omwewo.

Pa Beitbridge tinapeza mzere wa mabasi wosaoneka kothera. Tinagona m'mipando momwemo, ndipo nthawi yathu inakwana kutacha. Mapasipoti tinadinditsa bwinobwino. Kenako akuluakulu a pachipata anati katundu yense atsike m'ngolo imene basi inkakoka, aliyense aime pa wake. Woyang'ana katundu anatsegula bokosi langa, kumasula kapu imodzi, kuiyang'ana kunsi, n'kupitirira. Iye analibe nazo ntchito. Koma pepala lija linagwa, mphepo inalitembenuza n'kukaliika pa mapazi a Mayi Nambewe. Linali la mkazi wa mchira wa nsomba.

"Ambuye wanga! Ichi n'chandani?"

Anali atalitola kale. Ndinathamanga n'kuwatsomphola m'manja. "Ndi pepala chabe, mayi." Ndikanalitenga mwaulemu mwina zikanathera pomwepo. Koma munthu wotsomphola amaoneka ngati akubisa.

Titalowa m'Zimbabwe, basi inasintha. Manong'onong'o anayambira kumbuyo n'kumabwera mpando ndi mpando ngati mbale ya chopereka. Mtsikana wina amene mwana wake ankasewera ndi chipewa changa anamukoka n'kumufungatira. Che Jafali anawerama n'kunditsina pabondo.

"Achimwene, akuti muli ndi mkazi wa m'madzi m'bokosi. Mumamudyetsa chiyani pa ulendo wautali chonchi? Ife a kunyanja tikhoza kukuthandizani usipa."

Ndinaseka ndi mano okha. Ndinayang'ana a Kamtedza. Anali kuyang'ana mitengo.

Tisanafike ku Masvingo tayala la ngolo linaphulika. Limenelo anasintha msanga. Koma titangodutsa Mvuma, chakumasana, basi inayamba kununkha ngati poto wopserera, kenako inatsokomola kawiri n'kuzima. Dalaivala anatsegula kumbuyo, nthunzi inatuluka, anapukusa mutu, n'kuimitsa lole kuti akafune makaniko. Anati abwera posachedwa.

Tinakhala pansi pa mitengo m'mphepete mwa msewu. Madzi akumwa anayamba kutha. Ana anayamba kulira. Nkhuku imene anthu anagula ku Musina inayamba kumveka fungo lina. Ena anayala zitenje n'kugona, ena ankayendayenda ndi mafoni m'mwamba kufuna netiweki. Mthunzi unasuntha, ife kusuntha nawo, dalaivala osaoneka. Kenako ndinaona Mayi Nambewe atazunguliridwa ndi anthu, ndipo onse anali kuyang'ana kwa ine.

"Basi iyi ndimakwera mwezi ndi mwezi, sinafepo panjira," anatero mokweza kuti ndimve. "Tayala, kenako injini. Muli chinthu muno. Bokosi lija litsegulidwe."

Kondakitala sanadikire kuuzidwa kawiri. Analitulutsa m'ngolo n'kuliika pakati pa anthu. Ndinati chabwino, ndimasula ndekha, makapu angasweke. Ndinamasula imodziimodzi, makapu kuika pa udzu, ndipo anthu anayala mapepala aja pansi n'kuwatsendereza ndi miyala. Kunena zoona, nditawaona onse pamodzi padzuwa, inenso anandiopsa. Mu shopu ya Madala sankaoneka choncho.

Mayi Nambewe analoza ndi kamtengo, osafuna kukhudza. "Uyu wa nyangayu ndani?"

"Ameneyo ndi mulungu wa..."

"Mwamva? Wati mulungu!"

"Ayi, mulungu wa anthu akale, a ku Ulaya, wa m'nkhalango. Si wanga ine."

"Nanga uyu?"

"Ameneyo ndi Satana."

"Wavomera yekha! Abale, wavomera!"

"Koma taonani, wapondedwa ndi mngelo. Akutanthauza kuti wagonja. Munthu akavala chimenechi m'khosi ndiye kuti akunena kuti zoipa zili pansi pa phazi."

Che Jafali anagwada n'kuyang'anitsitsa. "Ife kwathu chamoyo sitijambula n'komwe, ndiye mlandu uwu ndi wa inu a tchalitchi. Koma mngelo wanuyu akuponda ndi phazi limodzi, maso ali kwina. Sakuoneka kuti waikapo mtima."

"Awiriwa akusiyana pati?" anafunsa bambo wina wa chipewa cha chikopa. "Nyanga ndi zomwezi."

"Wina ali ndi chitoliro," ndinatero. Ndinamva ndekha kuti yankho langa ndi lopepuka.

"Ndiye Satana akagula chitoliro amasiya kukhala Satana?"

Funso limeneli ndi lomwe ndinafunsa Madala, ndipo sanandiyankhe zomveka. Anthu anafunsa za mkazi wa nsomba. Ndinati abwana anga amati ndi chenjezo kwa amuna, kuti asamatengeke ndi mawu okoma a mkazi wachilendo, angamire. Mayi Nambewe anaomba m'manja.

"Chenjezo amalivula bulauzi? Mwana iwe, tinakula kale ife. Ndi mmene mukulemerera anyamata a ku Joni, timamva. Ukukapereka ndani kumudziko? Mayi ako?"

"Ndikanakhala wokhwima ndikanakwera basi yakufa ngati iyi? Si bwenzi ndili pa ndege?"

Ena anaseka, koma kondakitala sanakondwe kuti ndanyoza basi yake. Anati asankhe anthu: bokosi litsale, kapena mwini wake atsale nalo. Anatola tipoti ija n'kuiika kukhutu, kuigwedeza.

"Mwina chinthucho chimagona muno."

Chotsekera chake chinagwa pa mwala n'kusweka pakati.

Zimene zinachitika kenako ndimazikumbukira mwa apo ndi apo. Ndinapezeka kuti dzanja lamanzere lagwira kolala yake, ndamukankhira pa basi, ndikutukwana m'Chichewa, m'Chizulu, ndi m'zilankhulo zina zimene sindidziwa kuti ndinaphunzira liti. Dzanja lamanja linali m'mwamba. Dzino lagolide lija ndinkaliona bwinobwino, ndipo ndinkadziwa pomwe ndikalimenye. Sindinamumenye. Ndisaname kuti ndinadziletsa mwaumunthu: m'dzanja lamanjalo munali kapu ya apongozi imene ndinali nditangomasula, ndipo ndinasowa poiika. Ndinaima choncho, kapu m'mwamba ngati ndikuitanitsa tiyi, mpaka Che Jafali analowa pakati.

"Basi, basi, achimwene, mwamuonetsa. Musiyeni apume, ali ndi matikiti athu."

Nditatembenuka ndinaona a Kamtedza ataima poteropo, manja kumbuyo, akundiyang'ana kumaso. Mumtima ndinati basi, Mphatso wapita.

Anagwirizana kuti mapepala atenthedwe, ine ndi makapu tipitirire. Sindinatsutse, mphamvu zinali zitatha. Akusonkhanitsa, ndinaona a Kamtedza akuwerama, kutola pepala limodzi, kulipinda kanayi n'kuliika m'thumba la jekete. Ndinadziwa kuti umenewo ndi umboni wokaonetsa kumudzi. Mayi Nambewe anayambitsa nyimbo, moto unayaka, munthu wa mbuzi anapindika n'kuda. Utsi usanathe, galimoto yaing'ono inaima, dalaivala anatsika ndi makaniko atanyamula paipi yatsopano. Sipanapite nthawi, basi inalira.

"Mwaona?" anatero Mayi Nambewe, akuyang'ana aliyense. "Mwaona?"

Ine ndinaona paipi. Koma ndinaonanso kuti yafika moto utangoyaka. Mpaka lero sindidziwa kuti ndiziganiza chiyani.

Chinandisokoneza kwambiri ndi ichi: makapu anga anali pa udzu opanda chokulungira, ndipo amene anabwera ndi bulangete latsopano, kulichotsa m'pulasitiki, ndi Mayi Nambewe omwewo. Anakulunga okha kapu iliyonse m'makwinya a bulangetelo, mwaluso, tipoti pakati.

"Makapu alibe mlandu," anatero. "Udzandibwezera pa Mwanza. Ndipo upemphere, mwana iwe, uli ndi nkhope yabwino ukakhala chete."

Harare tinadutsa ndili m'tulo ta maganizo. Pa Nyamapanda tinadinditsa m'mawa, n'kulowa m'Mozambique. Ku Tete kunatentha ngati m'ng'anjo ya Madala, mpaka anthu analeka kundinena, aliyense ankangodzipepesa mphepo ndi pasipoti. Foni itagwira netiweki ndinapeza uthenga wa Mphatso: muli pati, amalume akuti chiyani? Ndinaibweza m'thumba. A Kamtedza mazira anali atatha, tsopano ankangokhala. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma ndinasowa kuti ndipepese chiti, ziwanda kapena kolala.

Pa Mwanza katundu anatsikanso. Ndinakulunga makapu ndi malaya anga a m'chikwama, kuwabwezera m'bokosi, n'kubweza bulangete la eni. Tikudikira kuti ngolo ipakidwenso, a Kamtedza anagula manachesi n'kukakhala pa khonde la shopu ina yotseka. Anandikodola. Ndinapita n'kukhala pansi, iwo pa sitepe.

Anatulutsa pepala lija n'kuliyala pabondo. Linali lomwe lija ndinaonera posula kanthu ka Mphatso.

"Mwana wa mlongo wanga anandiuza kuti wamusulira chovala m'khosi ndi manja ako. Tione."

Ndinakatulutsa m'kathumba kake. "Kameneka ndi masamba okhaokha, bambo. Ndinasankha dala. Mulibe chilombo."

Anakaika papepala, pambali pa pomwe ndinaonera. Anayang'ana uku, kuyang'ana uku. Kenako anakagwira ndi zala ziwiri n'kukazondotsa, kumwamba kukhala kunsi.

Abale inu. Masamba awiri aatali aja anasanduka nyanga. Timasamba tiwiri topotana tinasanduka maso otuzuka. Mpata umene ndinauboola ndi kamacheka, n'kuupala masiku ambirimbiri kuti usalale, unali kukamwa koyasamula, kokalipa. Pepalalo ndinalionera chozondoka. Ndinasula chiwanda ndi manja anga, kuchipukuta mpaka kuwala, n'kuchinyamula pamtima kuchokera ku Hillbrow, ine osadziwa.

"Bambo, ndikulumbira, sindinaone."

"Ndikudziwa kuti sunaone. Ukanaona sukanandipatsa." Anasenda nachesi. "Abwana ako amati nkhope zobisala m'masamba chonchi n'zachiyani?"

"Tsiku lina anati n'zoopsezera zoipa kuti zisayandikire wovalayo. Tsiku lina anati n'zokumbutsa munthu chilombo chimene ali nacho m'kati. Tsiku linanso anati amisiriwo ankangosewera, kuonetsa luso. Ine sindikudziwa, bambo. Ndikamafunsa ndi pomwe ndimasokonezeka."

Anatafuna kwa kanthawi, njere kulavulira m'dzanja.

"Nkhope iyi ine ndinaiona dzulo, kuja inatifera basi. Inagwira kondakitala pakhosi."

Ndinayang'ana pansi.

"Bwanji sunamumenye?"

"Ndinali ndi kapu m'manja."

"Ukanaiponya pansi. Pansi panali pafupi."

Zoti ndikanatha kuiponya zinali zisanandifikepo m'mutu, ngakhale pa Tete pomwe ndinaganiza zonse.

"Inali ya apongozi, bambo," ndinatero. "Chotsekera chinali chitasweka kale. Ndikanafika ndi chiyani?"

A Kamtedza anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati tsiku lija ku Orange Farm, koma ulendo uno anayambira kumutu. Kenako anatembenuza kasiliva kaja kuti masamba abwerere m'malo mwake, n'kundiikira m'dzanja. Pepala analipindanso n'kubweza m'thumba lawo.

"Ukamupatse. Koma usanamuveke, umuonetse mbali inayo, asadzati sitinamuuze. Akakalandira, malume ako abwere." Anaimirira n'kukutumula buluku. "Tiyeni, basi ikulira. Nyamulani bokosi lanu, musapatsenso wa dzino uja."

Tinatsika pa Zalewa n'kukwera minibasi ya ku Ntcheu, bokosi lili pamiyendo panga njira yonse. Mphatso anatichingamira pamsewu. Sindinadikire kufika kunyumba, ndinaopa kuti mtima ungandibwerere. A Kamtedza atatsogola pang'ono, ndinamupatsa kasiliva kaja, kenako ndinakazondotsa m'dzanja lake momwe anachitira malume ake. Anayang'ana nyanga zija, maso aja, kukamwa kuja. Anayang'ana ine. Kenako anaseka mpaka kugwira bondo.

"Ameneyu ndimamudziwa kale," anatero, akutembenuka n'kukweza tsitsi. "Tandimangirani kumbuyoku."